Kodi agogo ankakolezadi moto mu sitima ya Chauncy Maples?

Mayi wina wochokera ku Nkhotakota, koma wokhala mu Lilongwe, watilembera motere: "Agogo anga aamuna, omwe anatisiya ndili wamng'ono, ankakonda kunena kuti paunyamata wawo, nkhondo ya Hitler ili m'kati, ankakoleza moto mu sitima ya Chauncy Maples, ndipo ankanyamula matumba a zakudya mpaka ku Likoma. Posachedwapa nkhaniyi inabutsa mkangano pamaliro. Amalume akuti sitimayo inali ya tchalitchi, sinali ya katundu. Msuweni wanga, yemwe anaikwerapo m'ma 1980, akuti inkayendera dizilo, ndiye za nkhunizo ndi nthano chabe. Ine ndikufuna kulemba mbiri ya banja lathu. Zoona ndi ziti? Nanga ndikapita ku Monkey Bay ndingathe kulowamo kukaona pomwe agogo ankagwirira ntchito? Kodi sitimayi ingadzayendenso ndi nthunzi?"

Mayi, mtima m'malo. Zomwe ankanena agogozo zikugwirizana bwino ndi mbiri ya sitimayi, ndipo amalume ndi msuweni wanu nawonso sakunama. Atatu onsewa akukamba za sitima imodzi, koma aliyense anaiona pa nyengo yake. Thunthu la sitima yachitsulo limakhalitsa kuposa chilichonse chimene chili m'kati mwake. Injini imatha n'kusinthidwa, eni ake amagulitsa, zipinda zapamwamba amaphwasula n'kumanga zina, koma dzina lolembedwa kutsogolo limakhala lomwe lija. Choncho polemba mbiri yake, pa chaka chilichonse muzifunsa zinthu ziwiri: inali m'manja mwa ndani, ndipo inkayendera chiyani. Mukatero mkangano wa pamaliro uja uzilala wokha.

Sitimayi inaitanitsidwa ndi mishoni ya Angilikani ya UMCA, yomwe likulu lake pa nyanja linali pa Likoma. Mishoniyi inali kale ndi kasitima kena ka nthunzi, Charles Janson, komwe kanayamba kuyenda mu 1885, koma ntchito inali itakakulira. Dzina la sitima yatsopanoyo linachokera kwa Bishopu Chauncy Maples, yemwe anadzozedwa ubishopu mu 1895 n'kumira m'nyanja mu Sepitembala chaka chomwecho, boti lomwe anakwera litagubuduzika ndi namondwe asanafike n'komwe pa Likoma. Manda ake ali kwanu komweko, pa mishoni ya All Saints ku Nkhotakota.

Anaipanga ndi a kampani ya Alley & McLellan ku Glasgow, m'dziko la Scotland, mu 1899, ndipo mmodzi mwa ojambula pulani yake anali Henry Marc Brunel. M'litali ndi mamita 38, m'lifupi mamita 6. Fakitale ya kampaniyi ku Polmadie sinali m'mphepete mwa madzi, chifukwa ntchito yawo inali yopanga sitima zotumiza m'zidutswa. Ankayamba aimanga yonse pabwalo ndi mabawuti ongogwirizira, n'kudinda nambala pa chitsulo chilichonse, kenako n'kuimasula. Chauncy Maples inatuluka m'mitolo 3,481. Mitoloyo inadzera pa nyanja yamchere mpaka kumatsiriro a Zambezi, n'kukwera Zambezi ndi Shire. Pa mathithi a Shire, kuchokera cha ku Chikwawa kukafika ku Matope, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, palibe chombo chimadutsa, ndiye zonse zinayenda pamitu ya amtengatenga. Boyila yokha, chithanki chowiritsira madzi kuti apange nthunzi yoyendetsa injini, ndiyo sinkatheka kuigawa. Inkalemera matani 11, ndipo anaikweza pa ngolo yapadera yomwe inakokedwa ndi amuna 450 a Chingoni.

Zitsulo zitafika kumunsi kwa nyanja, kufupi ndi Mangochi wa lero, panabuka vuto lomwe amisiri a sitima amalikumbukirabe. Ku Glasgow anadinda manambala poyamba, kenako n'kuviika zitsulozo mu zinki kuti zisachite dzimbiri. Zinki uja anakwirira manambala. Omanga anayenera kuyesa chidutswa ndi chidutswa kuti aone mabowo omwe akulingana, ndipo sitima inalowa m'madzi pa 6 Juni 1901, patapita pafupifupi zaka ziwiri. Nthawi imeneyo kuwotcherera kunalibe pa ntchito zotere. Zitsulo ankazilumikiza ndi mariveti. Riveti amaiwotcha mpaka ifiire, amailowetsa pa bowo, munthu mmodzi amaitsamira kumbuyo ndi chitsulo cholemera, anzake akumenya kutsogolo mpaka ipange mutu. Ikamazizira imafupika n'kukoka zitsulo ziwirizo kuti zikanikizane. Pomaliza amadinda m'mphepete mwa chitsulo ndi tchizulo yosathwa kuti madzi asapeze polowera. Mukadzaiona sitimayi, mizere ya timitu tozungulira m'mbali mwakemo ndi ntchito imeneyi.

Amalume anu akunena zoona kuti inali ya tchalitchi. Munali malo opemphereramo omwenso ankaphunzitsiramo aphunzitsi, ndi pogonekapo odwala, ndipo Archdeacon William Percival Johnson anakhala zaka zambiri akuyendera midzi ya m'mbali mwa nyanja pa sitima za mishonizi. Koma aganizire kuti mishoni ya pa chilumba imadya chiyani. Likoma ndi wa miyala ndi mchenga, chakudya chake chambiri chimachokera kumtunda. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chomwe anayamba kumanga mu 1903, chinafuna zipangizo zodzera pamadzi. Masukulu ndi zipatala za mishoni ku Likoma, Nkhotakota, Malindi ndi kugombe la kum'mawa, mbali ya Mozambique ndi Tanzania wa lero, zinkadikira mankhwala, mabuku, makalata, nsalu ndi malipiro a aphunzitsi. Misewu ya m'mbali mwa nyanja kunalibe. Pa nyanja yotalika makilomita oposa 550, sitima iliyonse yoyenda inali ya katundu, kaya mwini wake ndi bishopu kaya ndi a Mandala. Kusiyana kwake n'kwakuti sitima za kampani ya African Lakes, a Mandala aja, monga Domira, zinkanyamula katundu wa malonda kuti zipeze phindu, pomwe iyi inkanyamula wa mishoni.

Tsopano tifike pa nkhuni, chifukwa apa ndi pomwe mungayesere mawu a agogo. Sitima za nthunzi za pa nyanja yathu zinkayendera nkhuni. Malasha akanachokera kutali pa mtengo wosaneneka, pomwe mitengo inali pagombe pomwepo. M'malo osiyanasiyana munali masiteshoni a nkhuni, komwe anthu a m'midzi ankadula zipika zotalika ngati mita imodzi n'kuziunjika m'milu yoyezedwa, monga timayezera mendulo lero. Sitima ikafika inkaponya nangula patali pang'ono, nkhuni n'kumabwera pa mabwato ndi maboti ang'onoang'ono, amalinyero akupatsirana chipika ndi chipika. Nkhuni zouma zimapereka pafupifupi theka la kutentha komwe malasha olemera chimodzimodzi amapereka, ndipo zimadya malo ambiri. Ndiye sitima sinkatha kuyenda masiku ambiri osaima, komanso malo omwe akanalowa matumba ankalowa zipika. Kaputeni aliyense ankawerengera ulendo wake kuchokera pa mulu wa nkhuni uwu kukafika pa winawo. Mitengo yolimba ngati tsanya ndi muwanga imagwira moto nthawi yaitali. Nkhuni zaziwisi ndiye mdani wa wokoleza moto, chifukwa pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndipo moto umayamba wathera mphamvu pa kuumitsa chipikacho usanatenthetse boyila. Zikatero singano ya geji yoonetsa mphamvu ya nthunzi imatsika, injini imafooka, ndipo wokalipiridwa ndi yemwe ali pa ng'anjo, ngakhale sanadule ndi iye.

Boyila za sitima zazing'ono za nthawi imeneyo zinali ngati mgolo waukulu wogona chammbali. M'kati muli ng'anjo, ndipo utsi wotentha umadutsa m'mapaipi ambiri ozunguliridwa ndi madzi usanatulukire ku chumuni. Boyila yozizira saipupulumira. Amayamba ndi kamoto kakang'ono, n'kumawonjezera pang'onopang'ono kwa maola angapo, nthawi zambiri usiku wonse ngati sitima inyamuka m'mawa. Chifukwa chake n'chakuti chitsulo chikatentha chimafutukuka. Mukasonkha moto waukulu nthawi imodzi, pamwamba pa boyila pamatentha pansi pakadali pozizira, chitsulo chimapindika pang'ono, ndipo mariveti ndi milomo ya mapaipi zimayamba kudontha. Poponya nkhuni, chitseko cha ng'anjo amatsegula n'kutseka msanga, chifukwa mphepo yozizira ikalowa yambiri imamenya mapaipi otentha n'kuwamasula. Zipika amaziyala mofanana pa zitsulo za pansi pa ng'anjo, osasiya bowo pomwe mphepo ingadutse osawotcha kanthu, komanso osadzaza mpaka moto kubanika.

Koma chomwe wokoleza moto sankachotsapo diso ndi kagalasi koonetsa mlingo wa madzi. Ndi kapaipi ka galasi koimirira kutsogolo kwa boyila, ndipo madzi amayenera kuoneka cha pakati. Boyila ikakhala pa pulesha ya mabaa 10 (baa ndi muyezo wa pulesha), madzi ake amawira pa madigiri oposa 180. Chitsulo cha pamwamba pa ng'anjo chimapirira moto chifukwa madzi akuchikuta. Madzi akatsika n'kuchisiya poyera, chimafiira, chimafewa, pulesha n'kuchiphwanya. Pamenepo madzi otsalawo amasanduka nthunzi nthawi imodzi, ndipo lita imodzi ya madzi imatulutsa nthunzi ya malita pafupifupi 1,700. Kuphulika kwa boyila n'kumeneko. Kagalasi kaja nako kamanama. Timabowo take tikatsekeka ndi matope, kamaonetsa madzi omwe kulibe. N'chifukwa chake munthu aliyense wolowa pa shifiti ankayamba wakatsuka: kutseka mpopi wa pansi, kutsegula wotayira kuti nthunzi ipemerere, kenako kuchita chimodzimodzi ndi wa pamwamba, n'kuona ngati madzi abwerera msanga pamalo pake. Akabwerera mwaulesi, pali chatseka. Zotetezera zina zinali valavu yotulutsa nthunzi pulesha ikapyola malire, ndi kachitsekerero kokhala ndi chitsulo chofewa pamwamba pa ng'anjo, komwe kamasungunuka madzi akatsika kuti nthunzi ithire pamoto n'kuchenjeza anthu. Ndipo lamulo lomwe aliyense ankaliloweza ndi ili: madzi akasowa m'galasi, chotsa moto, usathire madzi ozizira pa chitsulo chofiira.

Mwera ukabwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ntchito inkalimba kawiri. Sitima ikamavina pa mafunde, madzi a m'galasi amakwera n'kutsika, ndiye munthu amayenera kuwerenga pakati pake. Akadzaza kwambiri poopa kuuma, madzi amatengeka ndi nthunzi kulowa mu silinda ya injini. Nthunzi imapanikizika koma madzi sapanikizika, ndiye pisitoni ikawagunda pamamveka kugogoda koopsa, ndipo chivindikiro cha silinda chikhoza kusweka. Madzi a nyanja yathu ndi abwino ku boyila poyerekeza ndi amchere, koma kufupi ndi matsiriro a mitsinje nthawi ya dzinja amakhala ndi matope, omwe amadikha pansi pa boyila. Tsiku ndi tsiku ankatsegula mpopi wa pansi kwa kanthawi kuti matopewo atuluke, ndipo pakapita nthawi ankazimitsa moto, munthu wochepa thupi n'kulowa kukapala zokakamira. Mwaye wa m'mapaipi ankauchotsa ndi burashi ya ndodo yaitali. Phulusa nalo silinkaloledwa kugona pansi. Likanyowa limadya chitsulo, ndipo mu sitima zakale zambiri malo oyamba kuboola ndi pansi pa boyila, kuchokera m'kati. Ngati agogo ankatchula kutentha kosapumika, zipsera za m'mikono, kapena kusenza zipika usiku pagombe, ndiye kuti ankakamba zomwe munthu wongokwera pamwamba sakanazidziwa.

Mbiri ya ntchito yake inadukizidwa ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu Ogasiti 1914 sitima ya boma ya Guendolen, motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades, inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Kuchokera pamenepo nyanja inali m'manja mwa Angerezi, ndipo boma linatenga Chauncy Maples kuti izinyamula asilikali ndi katundu wa nkhondo kupita kumpoto. Nkhondo itatha inabwerera ku mishoni. Zaka zomwezo nyanja inaphwa kwambiri, moti cha mu 1915 madzi analeka kutuluka kulowa mu Shire, ndipo anadzayambanso kuyenda bwino cha mu 1935. Sitima za pa nyanja sizinkathanso kutsikira ku Liwonde ndi ku Matope monga kale. Njanji itafika ku Chipoka ndi Salima mu 1935, katundu wambiri anayamba kukwerera kumeneko. Nthawi ya nkhondo ya Hitler, yomwe agogo ankatchula, sitimayi inali ikadali ya nthunzi, ndipo munthu wokoleza moto ankafunikadi.

M'zaka za m'ma 1950 mishoni inaigulitsa, ndipo kwa kanthawi inagwira ntchito ya usodzi. Mu 1967 boma la Malawi linaikonzanso kukhala sitima ya anthu ndi katundu. Boyila ndi injini ya nthunzi zinachotsedwa, m'malo mwake munalowa injini ya dizilo ya Crossley, ndipo maonekedwe a pamwamba anasintha. Imeneyi ndiyo anakwera msuweni wanu. Zifukwa zochotsera nthunzi n'zosavuta kumva. Dizilo amaliza m'mphindi zochepa pomwe boyila imafuna usiku wonse. Thanki ya mafuta imadya malo ochepa poyerekeza ndi mulu wa zipika, ndiye katundu wolipira amachuluka. Anthu a m'chipinda cha injini amachepa. Boyila ya zaka zoposa 60 imafuna kuyezedwa kawirikawiri, ndipo ikamakalamba oyeza amatsitsa pulesha yololedwa, sitima n'kumayenda mwaulesi. Komanso mitengo ya pafupi ndi magombe inali itapita. Sitimayi inagwira ntchito mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kenako inaimikidwa ku Monkey Bay. Cha mu 2009 panayambika ntchito yofuna kuisandutsa chipatala choyenda pamadzi, koma sinafike poti sitima iyambe kuyendera odwala.

Pofufuza samalani ndi kusakaniza sitima, chifukwa akuluakulu akamakamba, maina amalowana. Ilala zilipo ziwiri. Yoyamba inali kasitima ka nthunzi ka mishoni ya Livingstonia, komwe kanalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875 ndipo pambuyo pake kanapita m'manja mwa African Lakes. Ilala ya lero inayamba ntchito mu 1951 ndipo ndi ya dizilo chiyambire. Mpasa, ya katundu, ya m'ma 1930, inalinso ya injini ya mafuta, chimodzimodzi Vipya yomwe inamira mu Julayi 1946 kumpoto kwa nyanja n'kupha anthu 145. Munthu akanena kuti ankasonkha nkhuni, ndiye kuti sitima zitatu zomalizazi zatuluka kale pa mndandanda.

Kuti mutsimikize za agogo, yambirani kumudzi musanapite ku maofesi, chifukwa okumbukira akutha. Afunseni achikulire mafunso a zinthu zogwirika: ankaima madoko ati, malipiro ankalandira kwa ndani, ankapita kuti sitima ikamakonzedwa, ankapemphera mpingo uti. Akatchula Malindi, gwirani mawu amenewo, chifukwa kumeneko kunali malo a mishoni okonzerako sitima. Musawauze mayankho, ingojambulani pafoni n'kulemba tsiku. Kenako pitani ku tchalitchi. Ambiri ogwira ntchito pa sitima za mishoni anali akhristu a mpingowo, ndipo mabuku a ubatizo ndi ukwati a ku Nkhotakota kapena Likoma nthawi zina amalemba ntchito ya munthu. Ku Zomba kuli National Archives, koma dziwani kuti zikalata zambiri za boma za 1919 isanafike zinapsa ndi moto womwe unawononga maofesi a boma chaka chimenecho. Mwayi wanu ndi wakuti zaka za agogo zili pambuyo pa motowo. Ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ili ndi zithunzi ndi nkhani zambiri za sitima za pa nyanja. Ku Mangochi kuli nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum, ndipo mfuti ya Guendolen ili pafupi ndi nsanja ya wotchi. Zikalata za UMCA yeniyeniyo zinapita ku Oxford, ku Bodleian Library, mishoniyi itaphatikizana ndi ina mu 1965 n'kukhala USPG. Kumeneko mutha kulemba kalata yofunsa.

Ndikuchenjezeni chimodzi kuti musadzakhumudwe. Olemba a nthawi ya atsamunda ankatchula maina a makaputeni ndi mainjiniya achizungu, koma anthu akuda a pa ng'anjo kawirikawiri ankangowawerenga ngati nambala. Dzina la agogo likapanda kupezeka, si umboni woti sanagwireko.

Za kulowa mu sitimayo, musangofika n'kukwera. Ili m'dera la doko lomwe lili ndi eni ake, ndiye pemphani chilolezo kwa oyang'anira dokolo kapena ku ofesi ya Marine Department ku Monkey Bay, ndipo mulowe ndi munthu wa pamenepo. Sitima yomwe yakhala nthawi yaitali osayenda ili ndi misampha yosaoneka. Chitsulo chopondapo chikhoza kuoneka bwino ndi penti pamwamba, pansi chitatha ngati pepala. Choopsa kwambiri ndi zipinda zotsekeka za pansi ndi matanki. Dzimbiri likamadya chitsulo limamwa okosijeni wa m'chipindamo, ndipo mpweya wotsalawo sununkha, suonekanso. Munthu amatsika makwerero n'kukomoka osakuwa n'komwe, ndipo wachiwiri amafa pofuna kupulumutsa woyambayo. Malo otero salowamo asanawatsegule kuti mupite mphepo ndi kuyeza mpweya ndi makina. Musakande penti yakale, chifukwa yambiri inali ndi mtovu, ndipo zokutira mapaipi zoyera ngati thonje louma zikhoza kukhala asibesitosi, yemwe fumbi lake limawononga mapapo patapita zaka. Ana asiyeni pamtunda. Ndipo dziwiranitu kuti ng'anjo ya agogo simukaipeza, inachoka mu 1967. Chomwe mukaone ndi malo omwe inali, ndi zitsulo za m'mbali zomwe zinkawazungulira.

Kodi ingayendenso ndi nthunzi? Mwa luso n'zotheka, chifukwa kunja kuli sitima za msinkhu womwewu zomwe zikuyendabe, zambiri pa nyanja zamadzi opanda mchere ngati yathuyi, momwe dzimbiri limayenda pang'onopang'ono. Koma ntchito yake imayambira pa thunthu. Sitima amaitulutsa m'madzi, amaipala mpaka chitsulo chioneke, n'kuyeza kukhuthala kwa chitsulo chilichonse ndi makina a ultrasound. Oyeza sitima nthawi zambiri amalamula kusintha chitsulo chomwe chataya gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu a kukhuthala kwake. Mwachitsanzo, cha mamilimita 6 chikafika pa 4.5 chapita. Malo oyamba kuyang'ana ndi mzere womwe madzi amalekezera, pansi pa chipinda cha injini, ndi kumbuyo komwe shafuti ya pulopela imatulukira. Mariveti amawayesa imodziimodzi, kugogoda ndi kahamala mbali ina chala chili pa mutu wake. Yomasuka imanjenjemera. Apa ndi pomwe owotcherera a changu amawonongera sitima zakale. Kutentha kwa kuwotcherera kumamasula mariveti oyandikana nawo, ndiye mukatseka bowo limodzi mumatsegula madontho khumi. Utsi wa zinki wowotchedwa nawo umadwalitsa mmisiri.

Thunthu likapambana, pamafunika boyila yatsopano, yoyesedwa ndi madzi opopedwa mpaka pulesha yoposa ya ntchito ndi theka, chifukwa madzi ozizira akaboola amangodontha pomwe nthunzi imaphulika. Pamafunika injini, ndi anthu odziwa kuiyendetsa, omwe kuno atsala ochepa ngati alipo n'komwe. Kenako pali nkhani ya kulemera. Mukachotsa kapena kuika chinthu cha matani 11 pansi pa sitima, kapena kumanga zipinda zina pamwamba, kakhazikikidwe kake pamadzi kamasintha. Amakayesa posuntha zolemera zodziwika kuchoka mbali ina kupita ina n'kuyeza mmene sitima yapendekera. Pa nyanja yomwe inameza Vipya, palibe woyeza wanzeru angasayinire popanda mayeso amenewa. Malamulo a lero onyamulira anthu amafunanso zipinda zotchinga madzi ndi zozimitsira moto zomwe sitima ya 1901 sinamangidwe nazo. Kunena mosabisa, ndalama zake zikhoza kugula sitima yatsopano, ndipo ine ndikuona kuti njira yanzeru pa sitima ngati iyi ndi kuiika pamtunda pouma, kuipaka penti n'kuisunga kuti anthu aziiona. Ngati gulu lanu kapena mpingo uli ndi maganizo oikonza, munthu woyamba kumuona ndi woyeza sitima wovomerezeka ndi boma, asanagulidwe ngakhale ndowa imodzi ya penti. Aphunzitsi a ku Marine Training College ku Monkey Bay akhoza kukulozerani kwa woyenera.

Mukamakafufuza m'mabuku akale, gwiritsani ntchito maina a nthawi imeneyo, apo ayi mubwerako chimanjamanja. Nkhotakota ankalemba Kota Kota, Mangochi inali Fort Johnston, nyanja inali Lake Nyasa, ndipo sitimayi nthawi zambiri ankangoilemba C.M. Ntchito ya agogo idzalembedwa kuti fireman kapena stoker. Tenganinso maina awo onse, la kubadwa, la ubatizo ndi la bambo awo, chifukwa amishoni ankakonda kulemba la ubatizo lotsatana ndi la bambo, lomwe mwina si lomwe banja lanu likugwiritsa ntchito lero.